Anadina "eya" asanawerenge

Lachiwiri lapitali a Fasitoni, msuweni wanga amene amanyamulira alendo katundu pokwera phiri ku Likhubula, anatulukira kwathu laputopu ili m'khwapa, nkhope yakugwa.

"Achimwene, yafa iyi," anatero. "Ndipotu Esinati ali momwemu."

Esinati ndi mkazi wawo amene anatisiya chaka chatha. Mawu ake anatsala m'laputopumo mokha, m'nyimbo ina yomwe anamujambula akutsogolera kwaya.

Laputopuyo anawasiyira mlendo wina, ndipo imayendera Linux, osati zija tinazolowera m'maofesi. Itawauza kuti kwatuluka zatsopano, a Fasitoni anagula bandulo n'kuyamba kulowetsa. Chapakati inaima, n'kulemba mizere yambirimbiri yachingerezi, kumapeto kwake funso: ndipitirize? Iwo anadina "eya". Poiyatsanso, sikirini yonse bii, kakuphethira kamzere kamodzi pakona basi.

"Munawerenga zimene inafunsazo?" ndinawafunsa.

"Aaa, achimwene, chinthu chikukufunsa mwaulemu, iwe n'kuchikaniza?"

Mu Linux mapulogalamu amabwera m'maphukusi odalirana. Zili ngati kuitanira abale ku chinkhoswe: azakhali akuti sabwera popanda amalume, amalume akuti sangakhale mphasa imodzi ndi uje. Phukusi lina latsopano linakana kukhala ndi lakale, ndiye makinawo anaona kuti chachidule n'kuchotsa lakalelo pamodzi ndi onse olidalira. M'gulumo munalinso pulogalamu yomwe imaonetsa mafoda ndi zithunzi pa sikirini. Zonsezi laputopuyo inazilemba poyera. Sinabe kanthu ayi, inapempha ndipo inapatsidwa.

Musawaseke a Fasitoni. Kodi si mmene timachitira tonsefe? Pamsonkhano wa chitukuko wapampando akangoti "Tagwirizana?" bwalo lonse limayankha "Eeee!" ena asanamve n'komwe kuti msewuwo udutsa pamunda wa yani. Pafoni timavomera chilichonse bola chichoke pamaso. Kufunsa timakuyesa mwano, ndiye timadzadandaula zinthu zitatha, tili panjinga pobwerera kwathu.

Kukonzako sikunali kwa matsenga. Tinalumikiza intaneti ya pafoni yanga, n'kuuza makinawo pa sikirini yakuda yomweyo kuti amalize zimene anasiyira panjira. Makinawo anakana kangapo, ati phukusi ili likufuna lija, lija likudikira lina. Tinapeza kuti chotsekereza chinali kapulogalamu ka nyimbo komwe mlendo uja anakatenga kwina. Pamenepo laputopuyo inalemba zoti ichotse, n'kufunsanso ngati ipitirize.

Chala cha a Fasitoni chinali chitafika kale pabatani. Anachibweza okha.

"Tandiwerengerani kaye. Akuti achotsa chiyani? Esinati ali pamenepo?"

Panalibe. Amachotsa choimbira, osati nyimbo. Komabe tinayamba taisungira nyimboyo pa fulashi, chinthu chimene chikanayenera kuchitika poyamba pomwe, kenako tinavomera. Sikirini inawala, mafoda onse ali m'malo mwake.

Anatsegula nyimbo ija. Esinati anayambitsa, kwaya inapolokezana naye. A Fasitoni anamvetsera mpaka kumapeto, tiyi wawo n'kuzizira pa tebulo. Atatha anamangirira fulashiyo ku chingwe cha makiyi.

"Ndikanamuika m'manda kachiwiri ndi chala changa chomwe," anatero.

Iwo anachita mwayi, chifukwa zimene anavomera kuti zichoke zinali zobwezeka. Nanga inu, pa zonse mwayankha "eya" sabata ino, munafunsako kuti akuchotsa chiyani?