Chiganizo Chimene Chinafufuta Mawu a Mkazi Wanga

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lachiwiri, sabata imene mwera unayamba kuwomba chaka chatha. Ndinalembanso mvula itagwa, ndiponso itasiya. Makope onse ali m'sutikesi yanga, pamodzi ndi mayankho awo.

Mwana wanga wamkazi amalandira alendo pa loji ina kufupi ndi Makuzi. Akaweruka ankapanga gemu ya pa foni yoti ana aziphunzirira mayina a nsomba ndi a mphepo m'Chitonga, chifukwa adzukulu athu obadwira ku Lilongwe sasiyanitsa utaka ndi usipa. Mwana akadina chithunzi, pamamveka mawu otchula dzina. Mawuwo anali a mkazi wanga, mayi ake.

Ankawajambula pakhonde, mayi akewo akudwala kale, ndipo sankalephera kukangana.

"Ama, nenani dzina lokha, kaphikidwe musiye."

"Nanga mwana akadziwa dzina osadziwa kuphika, adya dzinalo?"

"Ada, auzeni."

"Ine ndinalephera kuwauza kanthu kuyambira tsiku la ukwati," ndinkatero.

Zonsezo zinkalowa m'foni, mkangano, chifuwa ndi kuseka komwe. Foni ikadzaza, ankasamutsira mawuwo mu laputopu, m'kati mwa pulogalamu yopangira magemuyo, n'kufufuta a m'foni kuti apeze malo. Nsomba anamaliza. Mphepo anali atangoziyamba pamene mayi akewo tinawatengera kuchipatala, ndipo sanabwereko.

Panapita miyezi mwanayo asanatsegulenso laputopu. Atatsegula, anayamba kugwiritsa ntchito chothandizira cha m'kompyuta chimene amati AI. Umangochiuza zimene ukufuna, icho n'kumayendetsa chokha pulogalamuyo. Anandifotokozera kuti chilibe maso ngati athu. Chimadziwa ntchito ya lamulo lililonse powerenga buku la malangizo limene eni pulogalamu analemba. Chimene bukulo lanena, icho chimakhulupirira.

Laputopu inkachedwa, ndiye anachiuza kuti chiipepuze. Chinapeza lamulo loyeretsera, ndipo chinamuwonetsa zimene bukulo limanena: kuti lamuloli limachotsa zinyalala zokhazokha zimene pulogalamu imadzipangira. Mwana wanga si wopupuluma. Anawerenga chiganizocho, anavomera. Lamulolo linachotsa fayilo iliyonse imene inali isanalumikizidwe ku chithunzi. Iye anali atalumikiza chambo, usipa ndi kampango basi.

Tinaitengera laputopuyo kwa wokonza pa Chintheche. Iye anatitumiza ku Mzuzu. Wa ku Mzuzu anakhala nayo sabata yathunthu, n'kutibwezera akupukusa mutu. Risiti yake ndili nayo.

Gemuyo ilipobe. Ukadina chambo, mkazi wanga amati chambo. Ukadina mpasa, batala, kapena china chilichonse, pamakhala zii. Ndimadina ndikudziwa.

Koma chimene chimandipweteka koposa ndi mwanayo. Kale Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ankabwera kudzadya nane kondowole. Tsopano amatumiza ndiwo ndi wa kabaza. Akabwera amaima pansi pa mtengo wa mango, pakhonde sakhalapo.

"Mama, lowa. Mpando uwu suluma."

"Ndathamanga, Ada. Alendo afika masana."

"Lamlungu lathali unatinso alendo."

Anayang'ana pansi. "Ndinavomera ndine, Ada."

"Unavomera zimene zinalembedwa."

"Ndikanasunga kope lina."

Zimenezo n'zoona, ndipo iye akudziwa kuti n'zoona. Koma kope lachiwiri munthu amasunga poopa moto, akuba kapena madzi. Sindinamvepo kuti tizisunganso poopa buku la malangizo.

Ine ndinali kalaliki mpaka kupuma. Ndikalemba chinthu cholakwika, munthu n'kuvutika nacho, ankandiitana ine, ndipo ndinkaima n'kuyankha. Koma eni pulogalamuwa ndikawalembera, yankho limabwera ndisanadzuke pampando. Limandithokoza chifukwa chowalembera, limati lamva chisoni, kenako limandilangiza kuti ndiwerenge buku la malangizo. Mwana wa mlongo wanga, amene amanditumizira maimelo, akuti nawonso mayankhowo akulemba ndi makina. Tsamba la m'bukulo lokhala ndi chiganizo chija ndinalisindikiza papepala pa dandaulo loyamba, ndipo ndalisindikizanso mwezi uno. Ndaika awiriwo pamodzi, ndawerenga liwu ndi liwu. Chiganizocho sichinasinthe. Kwinakwake munthu wina akuchiwerenga lero, ndipo avomera.

Mawu a mkazi wanga sadzabwerera, ndipo sindikupempha chipepeso. Ndine wokalamba, ndipo ndikufuna mwana wanga akhalenso pakhonde ndidakali moyo. Zanga sakuzimva, akuti ndikungomutonthoza ngati bambo.

Choncho ndikupempha mwaulemu eni pulogalamuyi kuti munthu, wokhala ndi dzina ndi udindo, ayankhe nkhaniyi polemba. Anene mosazungulira ngati chiganizo chija n'choona kapena ayi, achikonze, ndipo yankholo alilembe kwa mwana wanga.