Goliati ndi Chingwe cha kwa Apongozi

Amene anamupatsa dzina loti Goliati anali ndi chiyembekezo chachikulu, koma Mulungu anali ndi maganizo ena. Goliati Sitima ndi munthu wamfupi, wowonda, woti akakwera njinga yake yakale ija amachita kupendekera uku ndi uku kuti mapazi afike pa mapedulo. Koma musamuyese ndi msinkhu. M'midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi, chinthu chilichonse chokhala ndi waya m'mimba mwake chikadwala, anthu amadziwa kolowera nacho.

Anabadwira ku Migowi, mwana wa mkonzi wa njinga. Sukulu inamuthera mu Fomu 2, ndipo anayamba kukonza mawailesi pansi pa mtengo wa mango kumsika. Mawailesi atachepa anatembenukira ku mafoni, kenako ku sola. Palibe amene anamuphunzitsa kupatula zala zake zomwe, zimene mpaka lero zili ndi zipsera za chitsulo chowotcherera. Chimene anthu amamukondera n'chakuti chikamukanika amanena kuti chamukanika, sasunga katundu wa munthu miyezi itatu uku akuti bwerani mawa.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo anakwatira Aliness, n'kukakhala chikamwini pamudzi pa mkazi wake monga zimakhalira kuno. Apongozi ake, a Belita, ndi mayi wachilomwe wosunga mwambo wakale. Kwa iwo mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, sadyera pamodzi, salowerana m'nyumba. Akakumana panjira ya kudimba, wina amapatukira m'chinangwa mpaka mnzake adutse. Achinyamata a lero amaseka zimenezi, ndipo akamwini ena amafika pojambulitsa ndi apongozi awo atagwirana m'mapewa, koma pakhomo pamenepa ayi. Zaka zonsezo Goliati ankawadziwa a Belita ndi mawu, ndi chifuwa chawo cha m'mawa, ndi zidendene. Sikuti ankadana. Nkhuku ikaphedwa kwa a Belita, nthutumba inkatsika m'mbale yovindikira kudzera mwa Aliness. Denga lawo likadontha, Goliati ankalikonza eni ake atapita kutchalitchi.

Netiweki m'mudzimo ndi yoti munthu achite kukwera pachulu, chifukwa phiri limatchinga. Chaka chatha Goliati anagula rauta yoikamo simukhadi yomwaza intaneti m'nyumba, anaimika nsungwi yaitali pambali pa nyumba, n'kumangirira kamlongoti pamwamba pake kuloza kumene kuli nsanja ya netiweki. Wayifayi inadzaza m'nyumba mpaka pakhonde, ndipo khondelo nalo linadzaza: aphunzitsi, ana a sukulu, anyamata a kabaza ofuna kumva za mpira. Nyumba ya a Belita ili chakumtunda, kuseri kwa chulu ndi nthochi, ya njerwa zowotcha zochindikala. Kumeneko foni inkangogwira ntchito ya tochi.

A Belita sakanadandaula nazo pakanapanda Thandiwe. Thandiwe ndi chitsiriza chawo, anakwatiwa ku Joni, ndipo anali ndi pakati poyamba, miyezi itakwana isanu ndi itatu. Kumeneko analibe mayi, analibe azakhali, anali ndi mwamuna wake Nickson basi. Mwana wamkazi akatsala pang'ono kuchira koyamba, mayi ake amakhala naye pansi n'kumuuza mawu amene khutu la mwamuna siliyenera kumva. A Belita analangiza ana a eni ake osawerengeka m'mudzimo, ndiye wawo yemwe akalowe m'chikuta wopanda mawu? Chakudya chinasiya kulowa.

"Amayi, tsikirani kwathu mukayankhule naye pakhonde," anatero Aliness. "Bambo a Praise achokapo."

"Iwe, wapenga? Nkhani zimenezi pakhonde la mkamwini, anyamata a kabaza atatchera makutu? Kuli bwino ndife nazo."

Aliness atamufotokozera, Goliati sanatsutse. Poyamba anayesa njira yachidule. Anabwereka ripita, kachipangizo kamene kamagwira wayifayi m'malere n'kuiponyera kutsogolo, ndipo anakapachika pamtengo wa papaya pakati pa nyumba ziwirizo. Aliness atayesa kuimba ali pakhomo pa mayi ake, nkhope ya Thandiwe inauma pafoni pakamwa pali yasa, mawu akubwera zidutswazidutswa.

"Aka kali ngati munthu womva zam'maluwa," anatero Goliati akukatsitsa. "Kamabwereza zimene kamva. Kakamva theka, kanena theka. Apa pakufunika chingwe."

Anayeza mtunda ndi chingwe cha mbuzi, n'kupeza mamita makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi atatu. Anapuma mpweya waukulu, chifukwa chingwe cha mtundu umenewu chikapitirira mamita zana chimayamba kutaya mawu panjira. Anakwera minibasi ya ku Limbe, ndipo anabwerako ndi mpukutu wa chingwe ndi kabokosi koyera kooneka ngati mbale yovindikira, kamene amisiri amati akisesi poyinti. Ntchito yake ndi kulandira intaneti kudzera pa chingwe kuchokera ku rauta n'kuimwaza m'nyumba ngati wayifayi yatsopano, yosatopa. Chingwe chomwecho chimanyamulanso moto, choncho kwa a Belita sikunafunike sola kapena batire.

Wina akanangochikoleka m'mitengo ngati choyanikira zovala, tsiku limodzi ntchito yatha. Osati Goliati. Iye amaidziwa mphepo ya ku Michesi, amawadziwa makoswe, mbuzi, ndi khasu la munthu wolima akuganiza zina. Anakumba ngalande yolekeza m'mawondo, masiku anayi, kuzungulira chulu ndi nthochi. Chingwe anachilowetsa m'paipi ya pulasitiki asanakwirire. Pamene pamadutsa madzi a mvula anayalapo miyala, ndipo pamwamba pa ngalande yonse anabzala mzere wa udzu wa mandimu kuti aliyense wa khasu adziwe polekeza. Odutsa ankamuseka. "Kodi a Sitima, mukuwakokera apongozi madzi a m'mpopi?" Iye ankangoseka nawo, thukuta likuchita kudontha pachibwano.

Ngalande inathera pakhoma la a Belita, ndipo pomwepo ndi pamene ankalekeza mkamwini. Lachinayi, eni nyumba atapita kuchigayo, Goliati anaboola khoma pansi pa denga ali panja, n'kulowetsa chingwe. Aliness anachilandirira mkati, anachilumikiza ku kabokosi kaja, n'kukapachika pamsomali monga mwamuna wake ankamuuzira kudzera pabowo. Foni inadzaza mizere yonse. Anapangana ndi a ku Joni kuti aimba Lamulungu 2 koloko masana, chifukwa foni yotha kuonetsa nkhope inali ya Nickson, ndipo masiku ena onse ankapita nayo kuntchito.

Lachisanu Aliness ananyamuka ndi amayi anzake kupita ku msonkhano wa mpingo ku Mulanje, kuti adzabwerako Lolemba. Loweruka Nickson anatumiza uthenga: madokotala aona kuti magazi a Thandiwe akuthamanga, ndipo amugoneka m'chipatala Lolemba m'mawa. Lamulungu limenelo linasanduka tsiku lokhalo.

2 koloko inakwana, n'kudutsa. Foni ya Goliati inalira.

"Alamu, ya amayi sikulowa," anatero Nickson. "Ndipo ine 5 koloko ndikubwerera kuntchito, foni ndipita nayo."

Goliati anayang'ana rauta. Kanyale ka chingwe cha kumtunda kankayaka bwinobwino, kusonyeza kuti chingwe n'chamoyo ndipo kabokosi kakulandira moto. Anayenda mzere wonse wa udzu wa mandimu, koma panalibe pofukulidwa. Anaima kuseri kwa nyumba ya apongozi ndi foni m'manja, wayifayi ikuoneka n'kuzimiririka. Vuto linali mkati, malo okhawo padziko lapansi amene sakanatha kulowamo.

Ali chiimire choncho, anamva mawu pakhomo. A Belita ankayankhula ndi mbuzi imene inamangidwa pachikhomo.

"Iwe mbuzi, kaya eni ake akudziwa kuti chinthu chawo chagona tulo."

Goliati ananjuta kuseri kwa nkhokwe, msana kuloza kunyumba, n'kuyankha nkhokweyo. "Eni ake amva. Akufunsa ngati kanyale kake kakuyaka."

"Angakaone ndani? Ndinakasunga."

"Kasungidwa pati?"

"M'bokosi lachitsulo, mosafika fumbi, mosafika makoswe. Munthu wakumba masiku anayi, manja matuza okhaokha, ndiye chinthu chakecho chizilendewera pamsomali ngati chipewa?"

Apa ndiye panagona nkhani. Wayifayi imadutsa nsalu, imadutsa chitseko chathabwa, koma chitsulo chimaitsekera ngati nkhuku m'khola. "Nkhokwe iwe," anatero Goliati mofatsa, "kakufunika kabwerere pamsomali paja."

A Belita anayankha ali pakhomo pomwepo. "Ndaganiza zomwezo nditaona kuti mwana sakuimba. Koma kiyi wathyokera m'loko."

Foni inaliranso m'thumba, wayifayi itangoonekako pang'ono. Nickson anati Thandiwe akulira, akuti mwina amayi amukwiyira. Nthawi inali itadutsa 3 koloko. Amayi a pamudzipo anali ku Mulanje, ndipo loko wothyokera kiyi satsegulidwa ndi malangizo ofuulira kuseri kwa nkhokwe. Goliati anali ndi kasowo kodulira zitsulo m'chikwama chake, ntchito ya mphindi zisanu, koma sanasunthe. Sikunali kwa iye kupempha zimenezo.

Anamva mapazi akukwekwereza pakhonde, kenako nkhuku ikulira. A Belita anali atagwira thadzi limene linkaikira m'dengu. Analimanga miyendo ndi luzi, n'kuliika pansi patsogolo pa chitseko, monga anachitira mayi awo kalekale mkamwini atafunika kulowa kudzanyamula wodwala. Ulendo uno sanayankhule ndi mbuzi.

"Bambo, landirani nkhuku iyi. Lowani."

Goliati anavula nsapato. Analowa atawerama, maso ali pansi. Bokosi linali pansi pa zenera, chingwe chake chikulowa pakona pamene dzimbiri linadya chivindikiro. Anagwada n'kudula loko. Atatsegula, anapeza kabokosi kaja katakulungidwa m'chitenje chatsopano chosachapidwapo, katagonekedwa pamwamba pa jekete la malemu amuna awo, pambali pa Baibulo ndi khadi la ubatizo la Thandiwe. Kanyale kobiriwira kankayaka mkati mwa nsaluyo.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri munthu osadziwa ngati pakhomo amakuwerengera kapena amangokupirira, ndipo yankho lake linali m'bokosi muno, pamodzi ndi jekete. Goliati sanawadzudzule, sananene n'komwe za chitsulo.

"Munakasunga bwino kwambiri, amayi," anatero akuyang'ana khoma. "Kungoti aka kamakonda kukhala poyera."

Anakwera pampando, ndipo chifukwa cha msinkhu uja anachita kunyang'ama ndi zala. Anakamanga pamwamba pa khoma ndi masikuluwu awiri, pamene khoswe sangafike. Asanatsike n'komwe, foni ya a Belita inayamba kulira. Iwo anayesa kudina, anaphonya kawiri. Kenako anamupatsira foniyo ndi manja awiri.

Goliati anadina. Nkhope ya Thandiwe inatulukira yowala, misozi ikuoneka umodziumodzi. Koma pakona pa foniyo panali kachithunzi kena kakang'ono, ndipo m'menemo munali nkhope ziwiri zitayandikana. Umo ndi mmene Goliati anawaonera apongozi ake koyamba. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, womwe uja wa mwana wake Praise, umene zaka zonsezi ankadabwa kuti anautengera kuti. A Belita nawo anali maso ali pakona pomwepo.

"Ha! Kani muli ndi imvi kale?" anatero.

"Alamu!" anakuwa Thandiwe, kulira kutasanduka kuseka. "Muli m'nyumba mwa amayi?"

"Khala chete iwe, ndi mwana wanga uyu," anatero a Belita akulanda foni. Anakhala pamphasa, anatambalala, n'kuyamba kuyankhula Chilomwe ndi mawu otsika amene Goliati anali asanawamvepo.

Goliati Chilomwe sachimva bwino, komabe anatuluka liwiro ngati m'nyumbamo mwabuka moto, nsapato kudzanja, nkhuku m'khwapa. Atafika kwake anapeza khonde litadzaza monga mwa nthawi zonse, mitu ili m'mafoni.

"Zimitsani, anyamata. Aphunzitsi, pepani, mubwere mawa."

"Bwanjinso a Sitima? Mpira wangoyamba kumene!"

"Lero wayifayi ili ndi mwini wake."

Anabalalika akung'ung'udza. Goliati anakhala yekha pampando patsogolo pa rauta, thadzi lili pamiyendo. Sanamve liwu ngakhale limodzi, ndipo sanafune kumva. Anangoyang'ana kanyale ka chingwe cha kumtunda kakuphethira mofulumira, osadukiza, mpaka 5 koloko inakwana.