Bokosi la Zuhura

Hemedi Mndeme ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Ngamiani, mumzinda wa Tanga, ndipo ine ndinkagulitsa khofi pambali pake. Anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, pokhapokha ikabuka nkhani ya Nondo.

Nondo anali ngwazi ya m'magazini ya zithunzi imene inkatuluka Lachisanu lililonse, wonyamula katundu padoko amene thupi lake linasanduka chitsulo. M'gawo la 88, adani anatsekera mkazi wake, Zuhura, m'bokosi n'kuliponya m'nyanja. Sabata yotsatira tinangoona Nondo akuthamangitsa akuba ng'ombe ku Dodoma, ngati munthu woti sanakwatirepo. Zuhura sanatchulidwenso mpaka magaziniyo inasiya kutuluka.

Enafe tinadandaula mwezi umodzi n'kuiwala. Koma Hemedi ndi mnzake Athumani, telala wa patsidya pa msewu, anakangana zaka makumi awiri.

"Bokosi lija linali lopanda kanthu," Hemedi ankatero, akuloza tsamba lofwifwa ndi chala cha girisi. "Amuna awiri alinyamula ndi dzanja limodzilimodzi. Muli munthu mmenemo?"

"Achimwene, inu dziwani za machubu," Athumani ankayankha. "Mkazi uja nsomba zinamudya kalekale. Kapena mumafuna mumukwatire ndinu?"

"Bola ine, osati telala wosoka thalauza mwendo wina wautali."

Ankamwa khofi wanga mpaka kuzizira, kenako aliyense n'kubwerera kuntchito yake ali wokhutira.

Chaka china Athumani anagwa pamakina ake. Anatuluka m'chipatala atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Hemedi ankapita kukamuona masana aliwonse atanyamula magazini aja, n'kumadziyankha yekha m'malo mwa mnzakeyo.

Tsiku lina dalaivala wa basi anatiuza kuti mkulu amene ankajambula Nondo ali moyo ku Morogoro. Hemedi anatseka bokosi lake la masipanala n'kukwera basi. Anabwerako patapita masiku atatu, n'kukhala pabenchi langa osapempha khofi.

"Ndinawapeza," anatero. "Akalamba, maso achita ng'ala. Akuti iwo ankangojambula. Wolemba nkhaniyo anayambana ndi mwini magazini, anachoka sabata imene gawo la 88 linatuluka, ndipo anamwalira kalekale."

"Nanga za bokosi?" ndinafunsa.

"Anandifunsa kuti Zuhura ndi ndani."

Masana amenewo ndinamuperekeza kwa Athumani. Tinamupeza atagonekedwa pamkeka pakhonde, mkazi wake akumumwetsa phala. Hemedi anagwada pafupi naye.

"Wapambana ndiwe, mnzanga," anamunamiza. "Mkulu uja wanena yekha. Zuhura anamira."

Tinkayesa kuti asangalala. Koma Athumani anapukusa mutu, misozi ikutsikira m'khutu. Ndi dzanja lake labwinolo anakoka magazini, n'kuyamba kugogoda pachithunzi cha amuna awiri onyamula bokosi aja. Anagogoda mpaka pepala linabooka.

Hemedi anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa mnzake.

"Iwe, wayamba liti kuba mfundo zanga?"

Athumani anatulutsa kamawu komveka ngati kuseka. Anakhala nafe miyezi ina inayi, n'kutisiya nthawi ya mvula.

Pambuyo pa maliro mkazi wake anabwera kumtengo kuja ndi jumbo. Anati anaipeza pansi pa makina osokera. Munali makope asanu a sukulu, odzaza ndi zolemba za Athumani: njira zosiyanasiyana zimene Zuhura akanatulukira m'bokosi. Pena amutola asodzi a ku Pemba, pena wadula maloko ndi chipini cha m'mutu. Kope loyamba linali la chaka chimene gawo la 88 linatuluka.

Hemedi anawerenga masamba awiri okha, n'kuwabwezera mayiwo makopewo.

"Sungani, mlamu. Ndidzabwera kudzawerengera kwanu."

Amapitadi Lachisanu lililonse, koma mayiwo akuti amangokhala pakhonde, kumwa tiyi, n'kufunsa za ana.