Dzino lakuda limene ndinabwera nalo ku Kepi

Chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa kwathu ku Lirangwe, ndinangoti basi, ine ndikupita ku Joni. Ganyu wosenza katundu pa Chileka sankatuluka kanthu. Mkazi wanga, make Tadala, anali ndi mwana wathu wachiwiri kumsana, Chisomo, asanamere ndi dzino lomwe. Anangoti, "Pitani, koma musakatiiwale."

Ndinakathera mumzinda wa Kepi, konko ku Joni, m'mbali mwa nyanja yamchere, pa ntchito ya m'gadeni. Kuzizira, chinenero chachilendo, womuuza zakukhosi palibe. Lamulungu ndinkangoyendayenda pamchenga ngati wosokonekera. Tsiku lina ndinatola chinthu chakuda, chosongoka, kukula ngati chikhatho changachi, m'mbali mwake ngati macheka. Mdala wina woweza nsomba anachitembenuza n'kuseka. Akuti ndi dzino la shaki ya kalekale, megalodoni, chinsomba chachitali kuposa basi. Akuti zinatha zonse munthu asanakhaleko, palibe anazionapo. Mafupa ake anali ofewa, anaola, chotsala ndi mano basi. Ndinati ili ndikawaonetsa ana anga. Ndinalikulunga m'sokosi.

Kenako kunabwera foni yochokera kumudzi. Chisomo watisiya, malungo. Mapepala anga anali atatha. Ndinaganiza kuti ndikadutsa boda sindibwereranso, nanga Tadala adzadya chiyani? Ndinatumiza ya bokosi, n'kukalira ndekha kuseri kwa galaja ya abwana. Kaya ndinaganiza bwino, kaya. Pasanapite nthawi ndinapeza ntchito yabwinoko kwa omanga nyumba, ndalama n'kuyamba kupita kumudzi zochulukirapo. Malata, simenti, fizi. Ine mumtima ndinkati ndikupukuta misozi.

Pobwerera, patapita zaka zambiri, ndinapeza Tadala watalika kundiposa. Anandilandira bwino, nkhuku inafa. Koma m'mawa mwake mkazi wanga, potulutsa zovala zoti achape, anaipeza sokosi ija. Sanakuwe. Anangokaitana achimwene ake aakulu, eni mbumba, paja ine pamudzipo ndine mkamwini.

Tinakhala pakhonde, dzino lili pampando pakati pathu, aliyense akuopa kulikhudza.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Dzino la nsomba."

"Nsomba yake iti? Chambo?" Wina mwa odzaonerera anaseka, koma alamuwo ayi. "Anthu akhala akuyankhula kuno. Mwana kumwalira, inu osabwera, kenako malata mbee! Lero mwabwera nacho chizimba chake."

Kani zaka zonsezi pamudzi ankati ndinakhwimira mwana wanga? Ena mwa onenawo ankabisala mvula pansi pa malata omwewo.

Ndinafotokoza zonse, za mchenga uja, za mdala uja. Ndinawaonetsa zithunzi pa foni, mano ena ngati lomweli ali m'manja mwa anthu. Alamu anayang'anitsitsa, n'kuti, "Chabwino, mwina." Anasasa fumbi, ulendo.

Titatsala awiri ndinafunsa, "Make Tadala, nanunso munakhulupirira zimenezi?"

Anatola dzinolo, koyamba kuligwira, n'kumaliyeza m'dzanja.

"Ine sindinakhulupirire. Koma sindinkawayankha, ndikanati chiyani? Mukuti chinsombachi palibe anachiona, anthu amangochidziwira mano. Ifenso inu tinkangokudziwirani ndalama. Chinthu chikamaoneka mano okha, thupi lake anthu amaumba okha mmene afunira."

Mpaka pano mawu amenewo amandibwererabe.

Dzinolo lili pawindo, Tadala amatsamiritsapo foni. Anthu ena amandipatsa moni bwinobwino, ena amaitana ana awo ndikamadutsa. Ku Kepi ndinkaganiza kuti kwathu kukundidikira mmene ndinakusiyira, kani kunali kutandiumba kale thupi lina.

Sabata yatha ndinapempha alamu andiperekeze kumanda, paja wekha supitako, makamaka munthu wonenedwa ngati ine. Titafika ndinangoima, maso uku ndi uku, mitumbira yaing'onoing'ono yambirimbiri. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anachita kundilozera.

"Mwana wanu ndi uyu, alamu."