Ndere za m'dziwe la Bwana Kaliwo

Mpaka lero ndikamva fungo la kolorini, kaya ndi m'chipatala kaya pamene atsuka kumene pansi, ndimaona manja a bambo anga. Anali manja ong'ambika m'mizere, otuwa ngati awaviika m'phulusa, ndipo fungo limenelo silinkachoka ngakhale asambe chotani. Ankadya nalo, ankaswali nalo, ankandisisita nalo kumutu. Ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, m'masiku a Chitaganya, ndipo tinkakhala ku Kabulonga, dera la azungu olemera. Ndikatchula Kabulonga anthu amayesa ndinakulira pabwino. Ife tinkakhala kuseri kwake, m'kachipinda kamodzi ka antchito, kumbuyo kwa mpanda wa maluwa, moyang'anizana ndi dzala.

Bambo anga, a Saidi, anachoka ku Nyasalande kudzafuna ntchito, koma ulimi unali m'magazi mwawo. Anapeza ntchito yosamalira bwalo kwa mzungu wina wa m'boma amene antchito ankamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Dona wake anatilola ine, amayi ndi mlongo wanga wamng'ono Jafali kukhala pamalopo, koma ankati ana asamaoneke ndiponso asamamveke. Jafali anaphunzira kulira chamumtima asanaphunzire kuyankhula.

Kumunsi kwa kapinga wotsetsereka kunali dziwe losambiramo, la simenti yopaka utoto wa buluu. Azungu ankaliti pulu. Ine ndinkalionera pa kampata ka mpanda, nditagona chafufumimba pa dothi lotentha. Madzi ake ankanyezimira mpaka maso kuwawa, ndipo mwana wa bwana, mtsikana wamsinkhu wanga wa tsitsi loyera, ankadumphiramo tsiku lonse. Ife tinkasamba ndi madzi a m'kachitini, tonse awiri. Sindibisa, ndinkalisirira dziwelo, koma sindinayambe ndalikhudza ngakhale ndi chala.

Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linaomba mosasewera. Kapinga anapsa, madzi a m'dziwe ankatsika tsiku ndi tsiku, ndipo bwana ankaima pamphepete akung'ung'udza. Dona naye ankafuna kapinga wobiriwira, chifukwa pa Khirisimasi kunkabwera alendo ochokera ku Halale. Apa mpomwe bambo anasonyeza kuti ndi mlimi. Anatuta manyowa a nkhuku pa wilibala nawamwaza bwalo lonse, fungo lake mpaka kutipeza m'kachipinda. Kenaka anachita zimene mlimi aliyense wa kwathu akanachita. Anakumba kangalande kobisika bwino m'mphepete mwa kapinga, kuti mvula ikadzagwa madzi asangotayika koma atsikire m'dziwe la bwana. Palibe anawatuma. Madzulo ake anauza amayi akumwetulira kuti chaka chino bwana sadandaulanso za madzi.

Mvula yoyamba inagwa ndi mabingu, fumbi linagona, ndipo kapinga anadzuka mokongola moti dona anaitana anzake kudzaona. Dziwe linadzaza mpaka pakamwa. Koma patapita masiku ochepa madzi anayamba kuoneka ngati otsukira mpunga, kenaka anabiriwira. Ndere zinamera m'makoma ndi pamasitepe, zoterera, zonunkha ngati dambo. Pansi pa dziwe panasiya kuoneka. Achule anamva mbiri, anabwera ndi abale awo.

Bwana anali ndi kabotolo kake koyezera madzi. Ankatunga pang'ono, kudonthezamo mankhwala, kenaka kukakweza kudzuwa, kaliwo ali pakamwa. Madziwo akapanda kusanduka achikasu ankakalipa, nalamula kuti athiremo kolorini wambiri. Bambo ankatapa ufa woyerawo ndi chitini ndi manja awo, popanda chovala m'manja, maso akutuluka misozi. Ankatsuka sefa ya mchenga, kuyendetsa pampu tsiku lonse, kenaka kulowa m'madzi mpaka m'chiuno kukapala makoma ndi burashi. Munthu wakuda ankaloledwa kulowa m'dziwemo pokhapokha atanyamula burashi. Madzi ankayera masiku angapo, mvula ina ikagwa ndere zinkabwerera, zochuluka kuposa poyamba.

Atatopa, bwana anatuma bambo kutauni kukagula miyala ya buluu yophera ndere, kusitolo kumene anthu akuda ankagulira pawindo. Bwana anaisungunula yambirimbiri m'ndowa nathira m'dziwe. Madzi anayeradi, mwana wa bwana anabwereranso kosambira, ndipo posakhalitsa tsitsi lake loyera lija linayamba kubiriwira. Kukuwa kwa dona tinakumva tili kuseri kwa mpanda.

Masana omwewo kunabwera a Mwansa, khukhi wa panyumbapo, munthu wa ku Luapula amene ankatibisira makoko a buledi. Anaima pakhomo pathu osafuna kukhala pansi.

"Ba Saidi, nkani yavuta," anatero a Mwansa. "Dona akamba ati bana banu ndiye basamba mu pulu beve bakayenda ku kilabu. Ati ndiye vamene manzi yaola. Ati musanke, bana bachoke olo imwe muchoke."

Amayi anangogwira pakamwa. Masiku amenewo ntchito ikatha nyumba inkathera pomwepo, ndipo munthu wa ku Nyasalande wopanda ntchito analibe chonena akakumana ndi wapolisi. Bambo anayang'ana manja awo. Kenaka ananditengera kuseri kwa nyumba, nagwada kuti maso athu alingane.

"Asiyatu, undiuze zoona, sindikumenya," anatero. "Kodi unalowamo?"

"Ayi, ababa."

"Ngakhale phazi lokha?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu movomera, koma maso awo sanandikhulupirire kwenikweni. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu onse a dona. Iwo anali atayesa zonse, mzungu wophunzira anali atayesa zonse, ndiye chinatsala ndi chiyani kupatula ife?

Nanenso ndinayamba kukayika. Ndinkaganiza kuti mwina kuyang'ana kwanga pa kampata kaja kunali kokwanira. Tsiku lotsatira ndinatola botolo padzala, ndinalitsuka, ndinathiramo madzi a pampopi, kenaka ndinaviikamo chala changa kwa kanthawi. Ndinalibisa pamwamba pa khola la nkhuku, padzuwa, kuti ndione ngati dona ankanena zoona. Patapita masiku, pamene tinkamanga katundu kuti tichoke, ndinakwera kukaliona. Pansi pa botolo panali pobiriwira. Ndinalitaya m'dzala osauza munthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti khungu langa limaoletsa madzi.

Bambo anasankha ntchito, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa tikanadya chiyani. Anatiperekeza ku Kabwata kwa amalume, m'kanyumba kozungulira kofolera udzu mmene munali kale anthu ochuluka. Mvula inkadontha pamphasa, utsi wa mbaula unkatiluma m'maso, ndipo amayi anayamba kugulitsa zitumbuwa chakufupi ndi Kamwala. Kumpopi wa anthu onse ndinkakana kupita. Amayi ankayesa ndi ulesi, ndipo khutu langa linaona zakuda mwezi umenewo.

Bambo ankabwera Lamlungu masana, wapansi. Mwambo wa kwathu unali wakuti bambo akafika, mwana wamkazi agwade nawapatsa madzi akumwa. Lamlungu loyamba amayi anandipatsa kapu, ine ndinabisa manja kumbuyo. Anandikalipira, ndinakanabe. Ndinkaona manja a bambo aja, ong'ambika ndi mankhwala chifukwa cha ine, ndipo sindinkafuna kuti ndere ziwamerenso m'mimba. Bambo anandiyang'ana, nayesa kuti ndawakwiyira chifukwa chotichotsa.

"Msiyeni mwanayo, amake Asiyatu," anatero motsitsa mawu. "Sakulakwa."

Anadzitungira okha madzi mumtsuko. Tsiku limenelo anabwerera ku Kabulonga dzuwa likadali pamwamba.

Ndere sizinachoke titachoka ife. A Mwansa anauza amayi kumsika kuti alendo a ku Halale anadya Khirisimasi yawo atakhala pa kapinga wokongola, akuyang'ana dziwe lobiriwira. Zinapitirira choncho dzinja lonse, koma palibe anabwera kudzanena kuti anawo analibe mlandu, abwerere. Mvula itasiya, madzi anayera okha. Dona anauza a Mwansa kuti waona, litsiro la ana aja latenga miyezi kuti lithe. Sitinakhalenso ndi bambo pansi pa denga limodzi mpaka nditakula. Jafali anakula akuwadziwa ngati mlendo wa Lamlungu.

Zaka zambiri zitapita, bambo atagona kale kumanda, mwana wanga Yusufu anayamba ntchito yosamalira maiwe osambiramo m'nyumba za ku Woodlands. Tsiku lina anafika kwathu ku Chelstone akudandaula za bwana wake, wakuda ngati ife, amene anathira manyowa pa kapinga mvula ili pafupi.

"Amai, manyowa yakangena mu pulu ndiye kuti mwazipikila chakudya ndele," anatero akuvula nsapato. "Olo muikemo kolorini saka yonse, mvula ikabwela vibwelela chabe."

Ndinamufunsa za miyala ya buluu, anati ikachuluka imabiriwitsa tsitsi la azungu. Ndinamufunsa za botolo la madzi losiyidwa padzuwa, anaseka, nati madzi alionse amatero, ngakhale osakhudzidwa ndi munthu. Anapitiriza nkhani zake, osaona kuti ine ndakhala pansi.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ndine ndinaoletsa dziwe lija, ndipo ndinapeza umboni wake pamwamba pa khola la nkhuku. Lero ndikudziwa kuti anali manyowa a nkhuku ndi mvula, zodutsa m'kangalande kamene bambo anakumba pofuna kusangalatsa bwana, ndipo anamwalira akukanyadirabe. Bwana ankazungulira dziwelo tsiku lililonse ndi kabotolo kake, koma sanayang'ane kumene madzi ankachokera, chifukwa kuyang'ana ife kunali kosavuta. Zonsezi ndikuzidziwa bwino lomwe. Komabe mpaka pano, ndikamapatsa mlendo madzi akumwa, ndimagwira kapu kunsi kwenikweni, kuti chala changa chisayandikire madziwo.