Tsiku Limene Chitseko cha Mayi Pomerleau Chinasiya Kulira

Achimwene anga a Orrin Tibbetts anabadwa ndi nthenda imodzi yokha: sangaone chinthu chowonongeka n'kuchidutsa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anakhomerera benchi ya m'tchalitchi ulaliki uli mkati, mpaka abusa anaiwala vesi. Atakula anakhala kalipentala, ndipo m'tauni yathu ino ya ku Maine mulibe denga, boti kapena bokosi la maliro limene silinadutse m'manja mwawo. Mukawaitana kudzadya, tebulo likangogwedera pang'ono amalowa pansi pake, msuzi n'kuzizira. Koma zoyankhula ndiye ayi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iwo nyimbo yawo inali hamala.

Ndiye taganizani munthu wotereyu, wa zaka 68, wosakwatirapo, wa mawondo othetheka ngati nkhuni pamoto, kukagwa m'chikondi ndi Mayi Lucille Pomerleau.

Mayi Pomerleau ankagwira ntchito ku laibulale, ndipo chimwalirireni amuna awo ankakhala okha m'chinyumba chakale cha pamwamba pa phiri. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la Okutobala, gulu lathu lowerenga mabuku limakumana kumeneko kuti tiwerenge mokweza buku lakale loopsa lija, la mkwatibwi amene amamva chinthu chikutsika masitepe m'nyumba yozingidwa ndi nkhungu. Timayamba 2 koloko masana, makatani otseka, makandulo oyaka, poti pagulu lathu palibenso amene amaona bwino poyendetsa galimoto kukada. Tikafika pamene chinthucho chimaima pakhomo, ine ndimakoka chingwe, chitseko cha kumasitepe n'kulira kuti kwiiii, tonse n'kukuwa. Kenako timadya chitumbuwa cha maungu, uku a Alden Crowell, mphunzitsi wopuma, akutilongosolera kuti nkhungu ndi zinthu zimene banja limabisa, chitseko ndi malire a amoyo ndi akufa, ndipo nyumbayo ndi mtima wa munthu wosungulumwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mawu omwewo, koma timagwedeza mitu ngati tikuwamva koyamba.

Chaka china, patatsala sabata kuti tikumane, achimwene anabwera kwanga n'kuima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Iwe Verna, ndikufuna kufunsira."

"Mayi Pomerleau? Tauni yonse ikudziwa, kupatula eni akewo. Mukudikira kuti mano atheretu?"

"Loweruka, mukatha kuwerenga. Koma ndiyambe ndawasonyeza kaye."

Ndikanafunsa kuti awasonyeza chiyani. Sindinafunse, ndipo mlandu umenewo ndimauvomera.

Lachinayi Mayi Pomerleau anapita kukaona mng'ono wawo ku Bangor, n'kusiyira achimwene kiyi kuti adyetse mphaka. Mphakayo anadyadi. Koma achimwene anathiranso mafuta mahinjesi onse, anamanga masitepe ndi masikuluwu, anamata zenera limene linkaimba mluzu kukachita mphepo, ngakhale nthambi yomwe inkakanda galasi anaidula. Anabwerera kwawo akuyenda ngati munthu woti wapambana mpikisano.

Lachisanu m'mawa, Mayi Pomerleau atabwerako, foni inalira. Nditathamangira kuphiriko ndinapeza mayiwo akutsegula ndi kutseka chitseko chija, kutsegula, kutseka, koma ziii. Achimwene anali chilili pambali, akumwetulira, kudikira kuyamikidwa.

"A Tibbetts, mwandiphera nyumba."

"Ndaikonza, mayi."

"Ndani anakuuzani kuti ikudwala? Chipitireni bambo a kuno, amene amandiyankhula ndi nyumbayi. Ndikamakwera imandiyankha, ndikamagona imang'ung'udza. Lero ndikhale ngati ndili m'bokosi lanu la maliro lija? Bweretsani kiyi wanga."

Ndinapsa mtima ndi onse awiri, koma chisoni chinandigwira kwambiri nditaona achimwene akutulutsa kiyiyo m'thumba n'kuwapatsa.

Masana omwewo achimwene anadzandibwereka buku loopsa lija. Linali buku lawo loyamba losakamba za matabwa. Madzulo ndinawapeza kumalo awo opalira matabwa, magalasi ali pamphuno, nkhope ili gwa.

"Verna, m'buku monsemu mulibe kalipentala ngakhale mmodzi. Anthuwa akuvutikira dala. Misomali khumi basi, nkhani yatha pa tsamba lachitatu."

Ndinaseka mpaka kukhala pa utuchi. Iwo sanaseke. Anatsegula tsamba lina n'kuloza ndi chala chawo chokakala. "Koma mtsikanayu sakuopa chinthucho ayi. Taona apa, tsiku limene sichinatsike, ndi pamene walira."

A Crowell m'zaka zonse zija anali asanationetsepo zimenezo.

Loweruka m'mawa achimwene anakagogoda kuphiri kuja, atanyamula bokosi la zida, n'kupempha kuti awononge zimene anakonza. Mayiwo anawalowetsa osawayang'ana. Achimwene anapukuta mafuta m'mahinjesi, anathira viniga, anathira mchere, anathira mchenga wa kunyanja. Chitseko chinangotseguka mwaulemu ngati mwana wolangidwa bwino. "Ntchito yanga ndi yolimba kwambiri," anandinong'oneza nditafika, misozi ili pafupi. Kenako anakwera pamwamba kukalimbana ndi masikuluwu a masitepe, ndipo anthu atayamba kufika tonse tinawaiwala.

A Crowell anawerenga ndi mawu awo a kumaliro aja. Chinthu chija chinafika pakhomo. Ine ndinakoka chingwe. Chitseko chinatseguka, ziii. Palibe anakuwa, wina anangotsokomola.

"Abale," anatero a Crowell, "chete nayenso ndi chizindikiro chachikulu cha..."

"Ndiye tisonyezeni inuyo chizindikirocho," anawadula Mayi Pomerleau.

Manyazi anatigwira tonse. Apo ndi pamene tinamva kuchokera pamwamba, mumdima wa masitepe: thyoo! Kenako kupuma kolemera. Thyoo! Zitsulo zikulira ngwerengwere ngati unyolo. Thyoo! Chinthucho chinkatsika pang'onopang'ono, ndipo chingwe chinali m'manja mwanga, sindikukoka kalikonse.

Kukuwa kwa tsiku limenelo sikunali kwa sewero. A Crowell, ndi malire awo a amoyo ndi akufa, anali oyamba kulowa pansi pa tebulo. Chitumbuwa chinauluka, kandulo inazima, mphaka anakwera katani, ine ndinaitana mayi anga amene anatisiya kalekale.

Pakhomo panatulukira achimwene, kangaude atawayala ukonde m'tsitsi, bokosi la zida lili m'manja.

"Ndine," anatero. "Ndi mawondo. Ndagwada nthawi yaitali."

Mayi Pomerleau anawayang'ana, kukamwa kuli yasa, kenako anaphulika chiseko. Anaseka atagwira nthiti, misozi ili chuchuchu, nafenso tonse tinagwa nacho chikhakhali, a Crowell akusekera pansi pa tebulo pomwepo.

"Takwereraninso, a Tibbetts! Mutsikenso!"

Anakwera, anatsika. Thyoo, thyoo. Katatu konse, ife tikuwomba m'manja. Ulendo wachitatu anaima pa sitepe yomaliza, thukuta lili kamukamu, n'kuika bokosi pansi.

"Chitseko ndalephera kuchiwononga, mayi, mundikhululukire. Koma ngati mukufuna nyumba yoyankha, mawondo awa salola mafuta. Adokotala anayesa, anagwa nawo mphwayi."

Umenewo ndiye unali ulaliki wautali kwambiri pa moyo wawo wonse. Mayiwo anapukuta m'maso, anapisa dzanja m'thumba la epuloni, n'kutulutsa kiyi uja.

"Hamala muzisiya panja," anatero.

Anakwatirana chipale chofewa chisanagwe. Ine ntchito ya chingwe inandithera pomwepo, poti chaka chilichonse achimwene ndi amene amatsika masitepe, ndipo amanyadira ngati ndi udindo wa boma. Zenera anakalimasula kuti liziimbanso mluzu, ngakhale amati akalimva mutu umawapweteka.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kukabweza mbale, ndipo ndinapeza mlamu wanga Lucille ali m'khitchini, ketulo ili m'manja, khutu atatchera kudenga. Anandikwezera chala kuti ndisayankhule. Pamwamba panamveka thyoo, kenako thyoo wina.

"Wamva, Verna? Zaka zonsezi ndinkamvetsera matabwa," ananong'ona, uku akuthira khofi m'makapu awiri. "Koma amene akutsikayo ndi wamoyo, ndipo akubwera kwa ine."