Zitenje za Zipani pa Dimba la Amake Boyd

Ku Kakumbi, m'mbali mwa njira yochokera ku eyapoti ya Mfuwe, kuli dimba la mayi wina wamfupi, wa mawu ngati belu la tchalitchi. Dzina lake ndi Tabeth Chulu, koma anthu amangoti amake Boyd. Anabadwira m'chigwa chomwecho. Ali mtsikana ankatchera miono mumtsinje wa Lupande, atakwatiwa anachapa nsalu za alendo ku loji mpaka manja anachita mamba, ndipo amuna awo atatsikira kulichete iwo anabwerera ku khasu. Matenda awo anali kuvina. Ng'oma ikangolira, kaya ndi ukwati kaya ndi chinamwali, ankasiya ndowa pachitsime n'kukalowa m'bwalo fumbi koboo.

Mdani wawo anali mmodzi: njovu. M'chilimwe thengo lonse likauma gwa, dimba la amake Boyd limakhala lobiriwira ngati lapakidwa utoto, ndipo njovu zimaliona zili patali. Chaka china zinalowa n'kusiya ndowe zokha. Chaka cha nkhani yathuyi chimanga chinali chitabereka, tomato atayamba kufiira, ndipo chakudya choti chiwafikitse ku mvula iwo ndi adzukulu awo chinali chomwecho.

Mankhwala a njovu kumeneko amadziwika. Umazinga dimba ndi chingwe cha khonje, n'kupachikapo tizidutswa ta nsalu topaka oyilo wakutha wa galimoto wosakaniza ndi tsabola wosinja. Chitamba chikangonunkhiza, mwiniwake amabwerera. Tsabola amake Boyd anali naye, oyilo anapempha kugalaja, koma nsanza ndiye zinatha psiti. Anali atang'amba kale ngakhale ovolosi ya malemu.

Ndiye chinali chaka cha masankho. Wailesi inalengeza kuti kampani yaikulu ya Nsanamira yapereka mphatso ya ndalama zankhaninkhani ku zipani, ati pofuna kuthandiza demokalase. Amake Boyd ankaidziwa bwino kampaniyo ngakhale sanaonepo nkhope ya mwiniwake. Dzina lake linali pa botolo la mafuta ophikira, pa shuga, pa thumba la simenti, pa basi ya ku Chipata, ndiponso pa sikelo imene inkawayezera thonje lawo mowawitsa mtima. Sabata isanathe, zitenje za zipani zinayamba kugwa ngati masuku.

Lachiwiri chipani cha Ketulo chinachititsa msonkhano. Amake Boyd anathyola chiuno mpaka tcheyamani anawaveka zitenje pamapewa ngati mkwatibwi. Lachisanu kunabwera chipani cha Makwerero. Anangosintha duku, n'kukavinanso nyimbo zonyoza aja anawavinira Lachiwiri. Anabwerera ndi mtolo pamutu, akuyimba njira yonse.

Atakhala pansi ndi lumo, anaona kuti osindikiza anawachitira chifundo. Chitenje chilichonse chinali ndi nkhope za mtsogoleri, iliyonse m'kabwalo kakekake, ndipo kabwaloko kanali mlingo weniweni wa kansanza ka njovu. Anangotsata mizere. Pofika Loweruka dimba lonse linazingidwa ndi mitu ya atsogoleri awiri, uyu pano uyo apo, yonse yakuda bii ndi oyilo, ikugwedezeka ndi mphepo ngati ikuvomereza nyimbo. Iwo anaima patali, manja m'chiuno, mtima uli mbee.

Masana ake, cha m'ma fotini awazi, anamva njinga ikulira mabuleki. Anali Cosmas, mng'ono wa malemu amuna awo, tcheyamani wa Ketulo m'deralo. Pambuyo pake panaima takisi ya Steward, mnyamata wonyamula alendo ku eyapoti, yemwe ankatsogolera achinyamata a Makwerero. Awiriwa anali asanapatsane moni chiyambire kampeni.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero amake Boyd.

"Ndaswera bwanji? Mwawadula mutu apulezidenti athu, mwawapaka girizi, mwawapachika ngati nyama yofutsa, ndiye mukuti ndaswera bwanji?"

"Aa, alamu, si ndawapatsa ntchito? Ankapempha okha kuti tiwatume."

"Mayi," anatero Steward, akuyesa kulimbitsa nkhope, "inu munandibereka kumbuyo, sindingakukalipireni. Koma anyamata anga akubwera kudzachotsa athu onse. Anthu akujambula ndi mafoni."

"Nanenso ndikuchotsa athu, pompano," anatero Cosmas.

Anagwira kansalu kamodzi ndi manja onse awiri n'kukathothola. Dzuwa linali likuswa mtengo, thukuta linkayenderera, ndipo mwatsoka anadzipukuta kumaso. Mayo! Bambo wamkulu uja anayamba kudumphadumpha ngati waponda linthumbu, misozi ili chuchuchu, akuitana amake amene anamwalira kalekale. Steward anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Amake Boyd anathamanga ndi chikho cha madzi, akuseka nawonso, koma maso ali kuchingwe. M'mawa womwewo anali ataona ndowe zofunda kumchenga wa Lupande. Awiriwa akachotsa aliyense zake, pachingwe sipatsala kanthu, ndipo mawa kudzacha dimba lili bwalo la mpira.

Anamutsuka m'maso mlamu wawo mwachifundo, kenako anati, "Chotsani, alamu. Pitirizani, ndi zanu. Iwe Steward, mwana wanga, usafulumire. Asiye ayambe ndi iwo. Akatha, msewu wonse uona kuti dimba lino ndi la Makwerero okhaokha."

Cosmas anatsegula diso limodzi lofiira. "Mwati chiyani?"

"Ndati mabasi akadutsa, azimayi akamapita kuchigayo, aona nkhope imodzi basi. Adzati ku Kakumbi Ketulo inatha."

"Zoona zimenezo," anatero Steward, akudzisasa fumbi. "Chotsani, atcheya. Ndikuthandizeni?"

"Usakhudze! Chotsa zako iwe."

"Ine zanga zili bwinobwino pamenepo."

Cosmas anatola kansalu kaja ndi timitengo tiwiri ngati akutola nkhanira, n'kukabwezera pachingwe. Kenako anayamba kuyenda m'mbali mwa mpanda akuphethiraphethira. Atafika kumbali ya kumsewu anaima.

"Alamu, izi ndiye zachinyengo. Kuno koonekera mwadzaza a Makwerero, athu mwawaponya kumtsinje kuti aziwaona ndi ang'ona?"

"Nsalu zinandithera, alamu. Munandipatsa zochepa. Dzanja lanu n'louma ngati la akulu anu."

Lolemba lake kunafika lole yaikulu, n'kuima pafupi ndi dimba. Cosmas anabwera kudzailandira, Steward nayenso anabwera kudzailandira, aliyense akuti ndi yake. Dalaivala, bambo wonenepa dzina lake Hosea, anatsegula kumbuyo. Kumanja kunali mabelo a zitenje za Ketulo, kumanzere a Makwerero, pakati atangotchinga ndi lona. Pachitseko panali dzina la Nsanamira.

"Kodi inu a dalaivala, mumagwirira chipani chiti?" anafunsa Cosmas.

"Ine ndimagwirira abwana. Abwana athu sadzala munda umodzi, atate. Amadzala kumtunda, amadzala kudimba. Mvula ikagwa kapena ikakana, iwo amakolola. Sainani apa, nanunso apa, ndikuthamangira kwina."

Atcheya awiri aja anayang'anizana ngati amuna amene akumana pakhomo la mkazi mmodzi. Amake Boyd anasisita belo limodzi, n'kulinunkhiza.

"Thonje langa lomwe lija ili," anatero. "Linapita lili lotsika mtengo, labwera litavala nkhope. Takulandira, mwana wanga, kunyumba n'kuno."

Tsiku limenelo dimba linasanduka phwando. Anyamata a Ketulo anamanga chingwe chachiwiri pamwamba, a Makwerero anamanga chachitatu. Uyu akapachika nkhope, uyo akupachika ziwiri. Anagwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti oyilo ndi tsabola zizipakidwa kumsana kwa nsalu, nkhope zikhale zoyera kuyang'ana kumsewu. Amake Boyd anavomera ndi mtima wonse, podziwa kuti dzuwa la ku Mfuwe likawomba oyilo adzatulukira yekha kumaso. Iwo anangokhala pamthunzi wa mtengo wa muwawa, akusinja tsabola, akuyetsemula, akulamula amuna a zipani ziwiri ngati kapitawo.

Lachinayi m'mamawa anatsikira kudimba mtima uli m'mwamba. Mapazi a njovu, aakulu ngati malichero, anachokera kumtsinje molunjika mpanda. Pafupi ndi chingwe dothi linali lopondedwapondedwa, ndipo kuchoka apo mapaziwo anakhota n'kubwerera kuthengo motalikirana, kusonyeza liwiro. Chimanga chinali chiimire, palibe ngakhale phesi limodzi logwa. Nthungululu imene anaimba inadzutsa mudzi wonse.

Anathyola chimanga choyamba n'kuchiwotcha pomwepo. Cosmas ndi Steward anafika onse, nakhala pachipika chimodzi, aliyense chisononkho kukamwa.

"Taonani mapaziwo," anatero Cosmas. "Yakhotera pa athu. Ngakhale njovu ikudziwa mwamuna."

"Yathawa kuipa kwa nkhope, atcheya. Pa athu inaima n'kupereka ulemu."

"Alamu, weruzani ndinu. Mudzavotera ndani?"

Amake Boyd anatembenuza chimanga pamakala, n'kumupatsa aliyense china.

"Idyani chikadali chamoto. Ndipo muwauze a Hosea kuti tsabola amatha mphamvu pakapita masabata. Asaiwale njira."